Hutala ya Amalume Wilbroad

Amalume anga a Wilbroad Miti ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mukawaponda phazi m'minibasi, opepesa amakhala iwowo. Koma munthu yemweyu anatsala pang'ono kutaya malo amene amadyerapo, inenso kundisowetsa poyang'ana, chifukwa cha hutala ya galimoto.

Ine ndine Rachael, mwana wa mlongo wawo. Ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Kabwata, chakufupi ndi msika. Si malo a anthu a ku Kabulonga ayi. Kwathu kumagona amayi a malonda ochokera ku Chipata, aphunzitsi opuma ntchito odzalondola za penshoni, ndi aliyense amene basi yamutula pa Intercity thupi lonse likuphwanya. Anthu otere sasamala za maluwa a pa tebulo. Chimene amagula kwa ife ndi tulo.

Amalume amayendetsa takisi, ka Corolla koyera kamene kanaona zambiri. Kale ankaima m'tauni, koma kutabwera matakisi oitanitsa pa foni, okwera anawathawa. Iwo foni yawo ndi ya mabatani, ndipo akuti ya kukhudza ija imawasokoneza zala. Ndiye ndinawapemphera malo kwa ba Peggy, eni loji, kuti aziima pa geti pathu pansi pa mtengo wa mango. Mlendo wofuna kupita ku Woodlands kapena ku chipatala ndinkangomulozera pa mtengopo. Malo amenewo ndiwo anali otsiriza mu Lusaka muno pamene wokwera ankawapeza amalume popanda kudina foni.

Koma amalume sanayambire pa takisi. Ali mnyamata anali dalaivala wa gulu la Phineas Chulu, woimba nyimbo za kalindula amene anabadwira ku Kabwata konkuno. Ana a masiku ano amangodziwa nyimbo zake pa maukwati, koma nthawi imeneyo Phineas akaimba, anthu ankavina mpaka nsapato kung'ambika. Gululo linkayenda pa kombi yobiriwira: ku Livingstone, ku Mongu, ku Kitwe, ku Chipata, kulikonse kumene kunali holo ndi magetsi. Oimba ankagona m'hotela. Amalume ankagona m'kombi, pakati pa ng'oma ndi masipika, kuti akuba asayese mwayi.

N'chifukwa chake amati mahotela a m'Zambia amawadziwa onse, koma kunja kwake. Mukawafunsa za hotela inayake sakuuzani za bedi. Akuuzani ngati mlonda wake anali waulemu, kumene kunali mpopi wosukusulira, ndi mbali imene dzuwa linkayambira kuotcha kombi. Amanena zimenezi popanda kudandaula n'komwe, ndipo ine ndi amene ndimapsa mtima m'malo mwawo.

Phineas anali ndi vuto limodzi lalikulu, tulo. M'mawa uliwonse anzake ankakhala atakwera kale, katundu atamangidwa, iye kulibe. Kugogoda pa chitseko kunali kutaya nthawi. Chimene chinkamudzutsa chinali hutala ya amalume, yoimbidwa mwa njira yawoyawo: kawiri mofupika, kenako kamodzi motalika. Akamva zimenezo ankatuluka akuthamanga, malaya osamanga mabatani, nsapato zili m'manja. Amalume ankamutsegulira chitseko chakumbuyo, iye n'kudziponya mkati, n'kuwapatsira buledi ndi dzira zimene wawabisira kuchokera pa tebulo la hotela. M'thumba la jekete ankatulutsanso kasopo. Ife kunyumba tinakula tikusamba tisopo ta mahotela amene sitinawaonepo ndi maso.

Hutala yomweyo ndi imene inkalira pakhomo pa Phineas tsiku lonyamuka ulendo. Apa ndi pamene pamalowa ba Febby, mkazi wake. Mayi ameneyu ankadana ndi kulira kumeneko ndi mtima wake wonse, ndipo sindimuweruza. Ikangolira, ankadziwa kuti atsala yekha ndi ana kwa milungu, osadziwa ngati bamboyo abwera ndi ndalama kapena ndi nkhani zokha. Amayi anga amasimba kuti tsiku lina ba Febby anathira madzi otsukira mbale pa galasi la kombi, n'kuwauza amalume kuti ndi wakuba amuna a eni. Amalume anangopukuta galasilo, n'kunena kuti zikomo mulamu.

Phineas anamwalira ine ndili wamng'ono, atadwala kwa nthawi yaitali. Gulu linabalalika, kombi inagulitsidwa. Ba Febby anasamukira ku Chelstone kwa mwana wawo wamkazi. Akakumana ndi amalume pa maliro, ankapatsana moni wa pakamwa pokha, maso ali kwina.

Chaka chatha ba Peggy anaganiza zokongoletsa chipupa cha loji chimene chimayang'ana kumsewu. Anaitana mtsikana wina wojambula, dzina lake Thandazani, kuti ajambulepo Phineas, mwana wa Kabwata. Mtsikanayo anatenga nkhope pa chikuto cha kaseti yakale, zina zonse anaziganizira yekha. Anagwira ntchito yokoma. Phineas anaima pa chipupapo wamtali kuposa geti, gitala pachifuwa, jekete lofiira, akuseka ndi mano onse, kumapazi kuli nsapato zakuda zonyezimira.

Tsiku loonetsa chithunzicho kunali tenti, zakumwa ndi zolankhula zambiri. Ba Febby anaitanidwa, koma mpando wawo unakhala wopanda munthu mpaka pomaliza. Amalume sanaitanidwe kutsogolo, ndipo sanayembekeze kutero. Anaima pafupi ndi takisi yawo, kapu yawo ya kumutu ili m'manja, akuyang'ana chipupacho kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwamuona bwanji, amalume?" ndinawafunsa.

"Ni yeve," anatero. "Koma amuvalika nsapato. Ine sin'namuonepo kuseni atavala nsapato. Chabwino, aoneke bwino pa wanthu."

M'mawa mwake, kunja kukungoyera kumene, ndinamva hutala pa geti. Kawiri mofupika, kamodzi motalika. Ndinaganiza kuti mwina mwana wawadutsa kutsogolo. Tsiku lotsatira inaliranso. Linzake chimodzimodzi. Mayi wina wa ku Lundazi, amene anayenda tsiku lathunthu pa basi, anabwera pa tebulo langa chitenje chili m'khosi, n'kundifunsa ngati tamulipiritsa chipinda kapena siteshoni.

Ndinatuluka nditakwiya. Ndinawapeza amalume akupukuta galasi mwamtendere ngati munthu amene sanalakwe kanthu.

"Amalume, n'chani ichi? Wanthu agona mukati umu."

"Nimuutsa chabe," anatero, akuloza chipupa ndi nsanza. "Uja munthu sauka yeka."

"Ni penti, amalume."

"Niziwa kuti ni penti, Rachael. Sin'nafunthe. Koma nikafika apa, namuona, kwanja kuyenda keka."

Anandionetsa dzanja lawolo. Munthu ungamukalipire bwanji mkulu amene akukuyang'ana ndi maso ofatsa chonchija? Ndinawapempha, ndinawaopseza, ndinawatumira amayi anga. Ankalonjeza ndi mtima wonse, n'kusunga lonjezolo tsiku limodzi kapena awiri. Kenako m'mawa wina ndikukonza makiyi, ndinkangomva iyo yalira, ine mutu n'kuyamba kuwawa.

Ba Peggy si munthu woipa, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Lojiyo anaimanga ndi thukuta lawo atasiya ntchito ku banki, ndipo amapemphera m'chipinda chilichonse asanalowemo mlendo. Koma mlendo wina atalemba pa intaneti kuti kwathu kuli phokoso la m'bandakucha, anawaitanira amalume mu ofesi. Ine ndinali pomwepo, ndikunamizira kufunafuna kanthu m'kabati.

"Ba Miti, nimakulemekezani maningi," anatero ba Peggy. "Muli monga atate wanga. But iyi ni bizinesi. Ma gesti alipila kuti agone. Mukaliza futi, olo kamozi, malo yaja nizapasa wina. Sinizakambanso."

"Namvela, madamu," anayankha amalume, akupinda kapu yawo m'manja.

Ulendo uno anamveradi. Hutala inaleka. Alendo anagona mpaka dzuwa kuwapeza, ine ndinapeza mtendere umene ndinkaulirira. Koma mtendere umenewo unandiwawa. Amalume anayamba kuimika galimoto chofulatira chipupa. Ankakhala pansi pa mango ali chete, osaseka ndi mlonda, osagula chinangwa chootcha kwa mayi wa pakona monga ankachitira. Nditawafunsa chifukwa chimene atembenuzira galimoto, anati ndi bwino kusamuona kusiyana ndi kumuona osamupatsa moni. Ndinabwerera mkati ndikumva chisoni, komanso nditakwiyira aliyense: ba Peggy, mlendo wa pa intaneti uja, ngakhale Phineas amene ankangoseka pa chipupa.

Patapita milungu ingapo, ba Febby anaimbira foni amayi anga. Anati atopa ndi tauni, akubwerera kwawo ku Katete kukakhaliratu. Ankafuna takisi yowatengera ku Intercity kukakwera basi ya m'mawa, ndipo ankafuna kuti awatenge ndi a Wilbroad, osati wina. Tonse tinadabwa. Mwana wawo ali ndi galimoto, ndipo mayi ameneyu anali asanakwerepo galimoto yoyendetsedwa ndi amalume chibadwire.

Amalume anatsuka ka Corolla mkati ndi kunja, n'kusita jekete limene amavala pa Khirisimasi. Ine ndinawakumbutsa kuti loji yadzaza ndi abusa obwera ku msonkhano wa tchalitchi cha ba Peggy, ndipo eni akewo adzalawirira kudzaona za chakudya cha m'mawa. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, popeza kuchokera ku Chelstone kupita ku Intercity njira siidutsa ku Kabwata.

Zimene zinachitika m'galimotomo amalume anandiuza pambuyo pake. Ba Febby anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, katundu wawo atadzaza m'buti ndi mpando wakumbuyo. Anatenga msewu wa Great East. Atayandikira tauni ndi pamene ba Febby anawalamula.

"Pitilani ku Kabwata."

"Mulamu, basi izakusiyani."

"Zaka zonse zija munali kudikila munthu mmodzi pa hotela iliyonse. Lelo ndiye mwayamba kuopa kuchedwa?"

Amalume anakhota.

Ine ndinali pa tebulo langa pamene ndinaona ka Corolla kakuima pa geti, ulendo uno katayang'ana chipupa. Injini sinazime. Palibe amene anatsika. Kunja kunali kutangoyera, mayi wa chinangwa akukoleza mbaula yake. Ndinaona mutu wa ba Febby, wovala duku labuluu, utapendekera kutsogolo pafupi ndi galasi. Anayang'ana kwa nthawi yaitali.

Kenako inalira. Kawiri mofupika, kamodzi motalika, ndipo kotalikako kanatalikadi.

Ndinathamangira panja, ba Peggy ali pambuyo panga ndi epuloni, supuni ili m'manja. Mawindo a zipinda anayamba kutseguka. M'busa wina anasuzumira atavala vesti yokha.

Nditafika pa galimoto ndinaona manja onse awiri a amalume ali pa maondo awo. Dzanja limene linali pa chiwongolero linali la ba Febby.

Ba Peggy sanaone zimenezo, chifukwa amalume anali atatsika kale n'kuima kutsogolo kwawo.

"Ba Miti, sin'nakuuzeni?"

"Pepani, madamu," anatero amalume, kapu ili m'manja. "Ni motoka yanga."

Ndinafuna kuwagwedeza. Munthu akutaya malo ake otsiriza, ndipo chimene akuganiza ndi kuteteza mayi amene anamuthira madzi a mbale. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene ndaona, koma chitseko cha mbali inayo chinatseguka. Ba Febby anatsika pang'onopang'ono, akugwirira chitseko chifukwa cha maondo.

"Mwana wanga, usawakalipile awa," anatero. "Ndaliza ndine. Ine ndine mkazi wa uyo ali pa chipupa chako."

Ba Peggy anatsitsa supuni. Anapinda maondo pang'ono, monga mwana wolera bwino amachitira pamaso pa mayi wamkulu, n'kunena kuti anawasungira mpando tsiku lija.

"Ndinamva," anatero ba Febby. "Sindinafune kumuona ali pakati pa anthu. Wa anthu ndinamuona kokwanila." Anatembenukira chipupa. "Kulila uku kunali kunditengela mwamuna. Akakumva, anali kusiya tiyi pa tebulo, kusiya ana, kusiya ine. Ine ndikamuitana dzina mpaka mawu kutha, samva. Lelo woyenda ndine, ndipo sindibwelanso. Ndiye ndati ndimuitane m'njila imene amamva."

M'busa uja anabweza mutu wake mkati mwakachetechete.

Ba Febby anayandikira chipupacho. Mutu wawo unkafika m'chiuno mwa Phineas basi. Sanayang'ane nkhope kwambiri, mwina chifukwa khosi silikanalola. Anayang'ana kumapazi, n'kukhudza penti yakuda ija ndi zala. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi.

"Ba Wilbroad, mwaona? Wavala nsapato."

"Naona, mulamu."

"Ndiye kuti lelo wakonzeka."

Amalume anazungulira galimoto, natsegula chitseko chakumbuyo. Anakankhira thumba la ziwiya mbali imodzi mpaka panapezeka malo okwana munthu. Anaima pamenepo atagwira chitseko, akuyang'ana pansi, kwa kanthawi kofanana ndi kamene munthu angathamangire kuchokera pa khonde la hotela. Kenako anatseka bwinobwino. Anathandiza ba Febby kukwera kutsogolo, ndipo ka Corolla kanalowa mumsewu kulunjika ku Intercity.

Ine ndinalira, ndipo sindinabise. Ba Peggy anapukuta maso ndi epuloni, n'kundiuza mwaukali kuti ndisaime ngati mtengo, ndipite ndikapepese kwa abusa chipinda ndi chipinda. Za malo a amalume sananene chilichonse, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Basi anaipeza, ngakhale kuti onyamula katundu anachita kuthamanga nawo. Dzuwa litakwera, amalume anabwerera. Sanalowe pansi pa mango. Anaimika galimoto tsidya la msewu, padzuwa, n'kukhala momwemo. Lamulo linali lamulo, ndipo iwo anali atavomera mlandu ndi pakamwa pawo. Ndinkawayang'ana pa windo, ndikuwerenga m'maganizo mwanga madalaivala achinyamata amene akhala akupempha malo amenewo.

Ba Peggy anawaona. Anamaliza kaye kulankhula pa foni, anakalipira wophika za mazira, kenako anatuluka mpaka pa geti, manja ali m'chiuno.

"Ba Miti," anaitana, "pali gesti afuna kuyenda ku Woodlands. Muzankala uko mpaka liti?"

Amalume anawoloka msewu n'kuimika galimoto pamalo pawo. Ba Peggy anawonjezera kuti lamulo lija silinasinthe, iwo n'kuvomera kuti amva.

Kuyambira tsiku limenelo amaimika ka Corolla moyang'ana chipupa. Anayambanso kuseka ndi mlonda ndi kugula chinangwa. Mvula ikamwaza matope pa nsapato za Phineas, amatenga nsanza yawo ya galasi n'kupukuta. Mlendo akafunsa kuti wojambulidwayo ndani, amamusimbira njira yonse mpaka kumene akupita, ndipo ena amabwerera akudziwa mpopi wa hotela ya ku Mongu kuposa zimene anabwerera ku Lusaka. Koma hutala sinalirenso.

Chodabwitsa n'chakuti amene anayamba kuisowa ndine. Ine ndemwe, amene ndinkadandaula kuposa onse, ndinkapezeka m'mawa nditaimitsa ntchito, khutu lili ku geti. Tsiku lina loji inali pafupifupi yopanda anthu, ba Peggy atapita ku Ndola. Ndinawatengera amalume tiyi ndi buledi wa dzira, n'kutsamira pa windo la galimoto.

"Amalume, madamu kulibe lelo. Na ma gesti ni wang'ono, ali kumbuyo uko. Mukafuna, lizani kamozi. Ine sin'zamvela."

Analandira kapu, n'kuuzira tiyi. Anayang'ana chipupa, kenako ine, ndi maso awo ofatsa aja.

"Niitane ndani, Rachael?" anatero. "Uja anayenda ku Katete na mukazi wake. N'namupeleka neka."

Ananyema buledi, n'kuyamba kudya.